Mwana wanga matewe akunka nakula, kodi kashiamu amapanga chani kwenikweni m'mafupa?

Make Tadala, Area 25

Akuluakulu ndithandizeni nzeru pa nkhani ya mwana wangayu. Ndi wamwamuna, ali ndi zaka 2 ndi miyezi 8, anayamba kuyenda nthawi yabwinobwino koma miyendo ili ndi matewe ndipo mmalo moti iziwongoka ine ndikuona ngati ikupindikirabe, akaima mapazi atagundana pakati pa mawondo pamatsala mpata oti dzanja langa limadutsa osakhudza paliponse. China chikundisowetsa tulo ndi manja, apa timavala wotchipa pakuoneka potupa mbali zonse ziwiri koma ukapagwira salira, ndi polimba basi. Amatopanso msanga, kungoyenda pang'ono wakhala pansi akufuna kuberekedwa.

Apongozi akuti ndinamuimiritsa msanga ali khanda, ena akuti ndi mbereko poti amakhala kumbuyo tsiku lonse ndikamagulitsa tomato pa Nsungwi, aneba akuti ndikagule mapilisi a kashiamu ku famase ndizimuphwanyira m'phala. Bambo ake nawo akuti kashiamu ndi simenti ya mafupa, ikachepa khoma limapendekeka nde tingoonjezera simentiyo nkhani yatha. Koma mng'ono wanga amene akuphunzira za unesi anandiuza pa foni kuti sizophweka choncho ayi, akuti kashiamu amatumizanso mauthenga mkati mwa maselo ndipo amathandiza kuuza chicherewecherewe nthawi yosanduka fupa, kungoti amathamangira mkalasi sanamalize. Amene mukuzidziwa bwino ndifotokozereni chonde, ndikufuna ndizimvetse ndisanayambe kumupatsa mwana zinthu.

Anaphiri a ku Chinsapo

Make Tadala mtima m'malo, wanga wachiwiri analinso ndi matewe oopsa mpaka anthu kumandiloza pa mjigo koma anawongoka yekha, pano ali sitandade 4 amamenya mpira ngati china chilichonse. Za mberekozo ndi zabodza, tonse tinakulira kumbuyo kwa amayi athu bwenzi dziko lonse lili la matewe. Koma za kutupa m'manjazo wanga analibe nde pamenepo amve odziwa.

Chisale wa Mafupa

Mayi, ine ntchito yanga ndi ya mafupa ku chipatala nde ndiyankhapo motalika pang'ono mupirire. Anaphiri akunena zoona kwa ana ambiri, khanda limabadwa miyendo ili yopindika kale ndipo zimakhala choncho mpaka chaka ndi theka kapena zaka 2, kenako mawondo amayamba kugundana cha m'ma zaka 3 mpaka 4, nkudzawongoka bwinobwino pofika zaka 7. Zimenezo si matenda. Koma wanuyu wadutsa zaka 2, matewe akuonjezekera, pa wotchipo patupa ndipo akutopa msanga, zitatuzi zikakumana ine sindinganene kuti dikirani. Akufunika aonedwe.

Kuti mumvetse kutupako tiyambe ndi mmene fupa limatalikira. Mwana ali m'mimba mafupa ataliatali awa, a ntchafu, a msongolo, a mkono, sayamba ngati fupa ayi, amayamba ali chicherewecherewe chokhachokha chooneka kale ngati fupalo. Mitsempha ya magazi imalowa pakati, fupa lenileni nkuyamba kumera kuchokera pakatipo kupita kunsonga, kenako kunsonga nako kumayamba kulimba pakokha. Pakati pa tsinde ndi nsonga pamatsala kagawo kopyapyala ka chicherewecherewe, timakatchula kuti growth plate, ndipo msinkhu onse wa munthu umachokera pamenepo. Mukadzaphika nkhuku yaing'ono ija ya masabata ochepa mudzayang'ane fupa la ntchafu, kamutu kake kamasomphoka mosavuta nkusiya malo okakalakakala, pamene pasomphokapo ndi pomwe ndikunenapa. Ya chikuda yokalamba sizitheka chifukwa panatsekeka kalekale.

Mkati mwa kagawoka maselo ali m'mizere. Akumwamba amakhala phee ngati osungidwa, otsatira amagawikana nkumasanjikizana motsatana kutsika pansi, akafika pansi amasiya kugawikana nkufufuma kukula kangapo konse, ndipo kufufuma kumeneku ndi kumene kumakankha fupa kuti litalike kwambiri. Akafufuma amatulutsa timatumba tating'onoting'ono momwe kashiamu ndi mchere wina wa m'thupi wotchedwa phosphate zimakumanirana nkupanga timiyala, malo owazungulira aja nkulimba. Zikatero ambiri a maselowa amafa, mitsempha ya magazi imalowa, maselo ogumula amachotsa zotsalira, omanga nkuyala fupa latsopano. Zimangozungulira choncho usana ndi usiku mpaka munthu atatha msinkhu.

Nde pa matenda ofewetsa mafupa a ana otchedwa rickets mzere umaima pa sitepe yomalizayo. Maselo ofufuma aja safa nthawi yake, malo owazungulira salimba, koma akumwamba akungotumizabe atsopano, basi amaunjikana kagawo kaja nkukhuthala nkutambasukira m'mbali. Kutupa kolimba kosapweteka pa wotchi kumabwera choncho, ku akakolo chimodzimodzi. Madzulo ano mukamamusambitsa muyendetse zala pa chifuwa mbali zonse pamene nthiti zimakumana ndi chicherewecherewe cha kutsogolo, ana ena mumamva timibulu tondondozana kutsika mmusi. Mukumbukirenso ngati liwombo linachedwa kutseka, limayenera kukhala litatseka cha pa chaka ndi theka, komanso ngati mano anachedwa kumera. Miyendo imapindika chifukwa thupi lonse likutsamira pa malo ofewa.

Sindikunena kuti ndi rickets basi poti sindinamuone. Palinso matenda a Blount amene kagawo ka pansi pa bondo kamakula mbali imodzi mochedwa, aja amakonda ana onenepa oyenda msanga, palinso ana ena impso zawo zimataya phosphate chibadwire ndipo amenewo olo muwapatse kashiamu wochuluka bwanji sachira. Mwana amene amamwa phenobarbitone wa khunyu nthawi yaitali naye vitamini D amamuthera msanga. Nchifukwa chake mapilisi a anebawo ayambe adikira, ndi a akuluakulu ndipo mulingo wa mwana amauwerengera. Yambirani ku chipatala cha kwanuko mutatenga buku lake la ku sikelo, muwaonetse manja ndi miyendo yomwe, akulembereni kalata yopita ku Central. Kumeneko X-ray ya pa wotchi ndi ya bondo imaonetsa msanga, nsonga ya fupa imaoneka yotambasuka, yolowa mkati komanso yonyenyeka m'mphepete, ndipo magazi amayeza alkaline phosphatase, kashiamu ndi phosphate. Pa Kamuzu Central pomwepo pali chipatala cha mafupa cha LION, ku Blantyre kuli cha ana cha Beit CURE. Ambiri a msinkhu umenewu akalandira thandizo miyendo imawongoka pamene akukula osafuna opaleshoni.

Gondwe, mphunzitsi wa Biology

A Chisale mwafotokoza bwino zedi, ine ndingoonjezera mbali imene mng'ono wa mayiwa amayamba kunena ija chifukwa ndi imene ana asukulu anga amaisiya pa mayeso, onse amangolemba kuti kashiamu amalimbitsa mafupa ndi mano basi. Abambo a Tadala sakunama, 99 pelesenti ya kashiamu wa m'thupi ali m'mafupa ndi m'mano, munthu wamkulu amakhala naye pafupifupi kilogalamu imodzi. Koma 1 pelesenti yotsalayo ndi imene thupi limaisamala kuposa yonse, mtima sungagunde popanda iyo, mnofu sungakokeke, magazi sangaundane. Mu 1883 Sydney Ringer ku London anapeza kuti mtima wa chule umapitiriza kugunda m'madzi a pampopi koma umaima m'madzi osefedwa bwino, kusiyana kwake kunali kashiamu. Dilipi ya Ringer imene amatiika m'chipatala ija dzina lake ndi la bambo ameneyo.

Uthenga umayenda chonchi. Mkati mwa selo kashiamu oyandama amakhala ochepetsetsa, kunja amachuluka kuwirikiza ka 10,000, ndipo selo limawononga mphamvu nthawi zonse kumupopera kunja kapena kumutsekera m'nkhokwe zake zamkati. Pa khungu la selo pali tizipata, kachipata kakangotseguka kashiamu amakhuthukira mkati, mapuloteni ngati calmodulin amamugwira nkusintha maonekedwe, nkukayatsa ena amene amalowa mpaka ku majini kukanena kuti awa ayambe ntchito awa asiye. Kenako selo limamupopanso kunja kudikira ulendo wina. Ndiye selo silimangoona kuti kashiamu walowa, limaonanso kuti walowa ochuluka bwanji, kangati, motalikirana bwanji. Amene mumamwa amlodipine kapena nifedipine wa BP mankhwala amenewo amatseka mtundu umodzi wa tizipata timeneti m'mitsempha ya magazi kuti ifewe.

Palinso kopimira kashiamu wakunja kwa selo, CaSR, gulu la Edward Brown ndi Steven Hebert linakapeza mu 1993 mu tizigawo ta pakhosi pa ng'ombe. Nafenso tili nato tinayi kuseli kwa chithokomiro, parathyroid, kalikonse kochepa ngati kambewu ka mpunga. Kashiamu wa m'magazi amayenera kukhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol pa lita, akangotsika pang'ono kopimira kaja kamazindikira, homoni ya PTH nkutuluka. PTH imalamula kuti kashiamu akokoledwe m'mafupa, impso zisamutaye mu mkodzo, komanso impso zomwezo zimalize kukonza vitamini D kuti matumbo ayamwe kashiamu wambiri. Ndi chifukwa chake mwana wa rickets atha kuyezedwa magazi kashiamu nkupezeka ali bwinobwino, mayi musadzadabwe zikadzatero, thupi limalolera kuti fupa lifewe bola mtima ugunde. Koma PTH yomweyo imachititsa impso kutaya phosphate, ndipo phosphate ndi amene amauza maselo ofufuma aja kuti nthawi yawo yakwana. Ndiye onani mmene zikulumikizirana, chakudya chikuchepa kashiamu, PTH yakwera, phosphate wathawa mu mkodzo, maselo sakufa, pa wotchi patupa.

Maselo a chicherewecherewe nawo ali ndi CaSR yawoyawo. Ikamva kashiamu wokwanira imawakankha kuti akhwime apite ku sitepe yomaliza, pamene homoni ina yotchedwa PTHrP yochokera kunsonga ya fupa imawagwira kuti asafulumire azigawikanabe kaye. Ziwirizi zimakokanakokana, ikapambana imodzi kwambiri fupa limatuluka lalifupi kapena lopunduka. Anayesa pa mbewa za mu labu kuchotsa CaSR mu chicherewecherewe chokha, tiana take timafera m'mimba mafupa asanakhwime.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi tizipata timene timatseguka ndi kupanikizika. Kena ndi TRPV4, kali pa maselo a chicherewecherewe, mwana akaponda pansi madzi a mu chicherewecherewe amafinyika, kachipatako nkutseguka, kashiamu nkulowa, selo nkuonjezera kupanga collagen, puloteni yolimbitsa chicherewecherewe, ndi zina zimene zimasunga madzi mmenemo. Ana obadwa ndi jini ya TRPV4 yolakwika moti kachipata kamangokhala kotseguka amakhala aafupi msana opindika, ena matenda ake ndi metatropic dysplasia, pamene kashiamu wa m'magazi mwawo alibe vuto lililonse. Apa mpamene mumaonera kuti nkhani si kuchuluka kokha. Tina ndi Piezo1 ndi Piezo2, amene anatipeza Ardem Patapoutian analandira Nobel mu 2021. Maselo okwiririka mkati mwa fupa amagwiritsa Piezo1 kumva kuti fupa lasenza katundu nkuitanitsa omanga. Anthu opita mu mlengalenga amataya 1 pelesenti kapena kuposerapo ya fupa la m'chiuno mwezi uliwonse olo akudya bwino, chifukwa palibe chikulipanikiza. Olo maselo ogumula fupa aja kuti akhwime amadalira kashiamu kumakwera nkutsika mobwerezabwereza mkati mwawo mpaka puloteni ya NFATc1 itayaka. Nde mwana azisewera, azithamanga, azidumpha, fupa limamva zimenezo.

Make Tadala, Area 25

Zikomo kwambiri a Chisale ndi aphunzitsi, ndamugwira pa chifuwa timibulu tija ndikutimva ndithu mbali zonse, Lolemba ndilawira ku chipatala. Koma chikundizunguza mutu nchakuti ine ndimamva kuti rickets ndi ya kumaiko ozizira kopanda dzuwa, ife kuno dzuwa la Okutobala likuotcha chonchi mwana amakhala panja tsiku lonse, vitamini D angamusowe bwanji? Kudya amadya, phala la mgaiwa mmawa, nsima masana ndi madzulo, anasiya kuyamwa ali ndi chaka ndi miyezi 4 nditadwala.

Nabanda wa ku Mitundu

Asisi funso lanu ndi lomwe madokotala a ku Nigeria anadzifunsa. Ku Jos dzuwa ndi lambiri ngati kwathu kuno koma ana a matewe anali mbwee, nde Tom Thacher ndi anzake anawagawa m'magulu, ena vitamini D yekha, ena kashiamu yekha, ena zonse ziwiri, zotsatira zinatuluka mu 1999. Amene analandira kashiamu, kaya yekha kaya ndi vitamini D, anachira bwino kuposa a vitamini D yekha. Anawo amadya kashiamu ongokwana 200 mg pa tsiku chifukwa chakudya chawo chinali chimanga ndi mbewu zina popanda mkaka. John Pettifor anali ataona kale zofanana pa ana akumidzi ku South Africa m'ma 1970. Akatswiri atakumana anagwirizana mu 2016 kuti mwana opitirira chaka akamadya osafika 300 mg pa tsiku ali pa chiopsezo cha rickets olo vitamini D ali bwino, ndipo kupitirira 500 mg ndiye kokwanira. Ndiponso kashiamu akamachepa thupi limamaliza msanga vitamini D amene lili naye, nde ziwirizi zimakokerana pansi.

Tsono yang'anani mbale ya mwana wanuyo. Chimanga chili ndi kashiamu ochepa zedi, cha m'ma 10 mg pa magalamu 100, komanso gaga ali ndi phytate amene amamanga kashiamu m'matumbo kuti asalowe m'thupi. Sindikuti musiye mgaiwa ayi uli ndi ubwino wake, koma paokha sungamange fupa. Ku Mexico amadya chimanga ngati ife koma amayamba achiphika ndi laimu, kashiamu amalowera pamenepo. Ifeyo chathu ndi tinsomba todya ndi minga yomwe, usipa, bonya, matemba, kapenta. Vuto timapanga amayi ndi loti mwana timamuthirira msuzi okha, kapena timachotsa mitu ndi minga kuopa kuti imubaya, pamene kashiamu ali mmenemo. Tengani bonya kapena usipa ouma, muutsuke mchenga, muukazinge pang'ono pa chiwaya opanda mafuta mpaka uzithyoka, musinje mu mtondo ndi mitu yomwe, musefe, muike m'botolo louma lotseka bwino, nde muzithira supuni m'phala kapena mu ndiwo zake. A Thacher omwewo anadzayesa nsomba zogaya pa ana a rickets ndipo anachira.

Mawere nawo musamangowaona ngati a thobwa, ali ndi kashiamu pafupifupi 350 mg pa magalamu 100, kusakaniza ufa wake ndi wa chimanga phala limakoma bwino. Kapu ya mkaka ya 250 ml ili ndi pafupifupi 300 mg, chambiko chimodzimodzi ngati thumba likulola olo kawiri katatu pa sabata. Malambe, masamba a chammwamba, mpiru, repu, nkhwani wotendera, zonsezi zimaonjezera. Bonongwe ali naye wambiri koma ali ndi oxalate amene amamugwira nde olowa m'thupi amachepa. Ine zimandiwawa kuti kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka 5 m'Malawi muno ali opinimbira, zifukwa zake nzambiri si kashiamu yekha, koma nyanja tili nayo ndipo usipa umafika mpaka pa Wakawaka tsiku lililonse. Izi muyambe lero koma ku chipatala mupitebe, mwana amene mafupa afewa kale amafunika mankhwala a mulingo wake kwa miyezi ingapo.

Yamikani wa pa Kawale

Pepani ndilowererepo ndi langa poti odziwa mulipo. Nanga supu wa mang'ina ndi zipalapasiro uja amati amalimbitsa mawondo ndi zoona? Madala anga mawondo amalira akamadzuka nde ndimawagulira sabata iliyonse. Komanso ineyo ndili ndi zaka 23 ndine wamfupi, pa Facebook akutsatsa mapilisi a kashiamu otalikitsa, angandithandize?

Chisale wa Mafupa

Achimwene ndalama zanu musawapatse amenewo. Tizigawo tokulira tija timatsekeka munthu akatha msinkhu, atsikana cha m'ma zaka 14 mpaka 16, anyamata 16 mpaka 18 ena kupitirirako pang'ono, ndipo homoni imene imatitseka ndi oestrogen, amuna nafenso tili nayo. Pakatsekeka pamakhala fupa lokhalokha, palibenso selo la chicherewecherewe loti limve uthenga uliwonse, kashiamu owonjezerayo angokupatsani kudzimbidwa ndipo ena amawayambitsa timiyala mu impso. Chimene mungapindule pa zaka zanuzo ndi kukhwimitsa mafupa amene muli nawo, amapitiriza kulemera mpaka cha m'ma 30, nde mpira, kuthamanga, kunyamula zitsulo ndi usipa omwe akunena a Nabandawo.

Za madala, mang'ina adye ndi ndiwo yabwino koma supu wa mafupa kashiamu amakhalamo ochepa, fupa silisungunuka ndi kuwiritsa m'madzi wamba, ndipo chicherewecherewe chimene atafuna chimagayidwa m'mimba ngati nyama ina iliyonse sichilunjika ku bondo. Cha m'bondocho ndi chosiyana ndi cha mwana chija, sichisanduka fupa, chilibe mitsempha ya magazi, chimadya kuchokera m'madzi a mu mfundo pamene chikufinyika ndi kumasuka, nchifukwa chake chikaperepeseka sichibwerera msanga. Maselo ake amamva kuponda kudzera mu tizipata tomwe anena a Gondwe, kuponda kwabwinobwino kumawalimbikitsa koma kuphwanyika koopsa ngati kwa ngozi kumalowetsa kashiamu wambiri nthawi imodzi maselo nkufa. Nde madala asamangokhala pa mpando poopa kulirako, aziyenda mtunda omwe angathe pa malo osalala, njinga ndi yabwinonso, akakhala pansi aziwongola mwendo nkuugwira mmwamba masekondi 10 kangapo kuti ntchafu ilimbe, ndipo ngati thupi ndi lalikulu achepetseko. Bondo likatupa, kutentha kapena kukanika kupinda mubwere nawo tiwaone.